Zitsamba za nkhawa: kuwodzera si kuchira

Tsiku la msika likakwana m'malo ambiri ochitira malonda m'dziko muno, sipalephera kupezeka mkulu wa chimkuzamawu atayala mabotolo pachiguduli kapena pamwamba pa galimoto. Kale ankaitanira mankhwala a msana, a m'mimba ndi a mphamvu za abambo. Masiku ano pamndandandawo pawonjezereka "ochotsa nkhawa", "opatsa tulo" ndi "otsegula mutu". Ena ndi mizu yoviika m'botolo lopanda dzina, ena ndi makapisozi a m'timabotolo tooneka bwino tochokera ku Joni kapena ku Ulaya, tomwe timabwera ndi achibale komanso amalonda a pa WhatsApp.

Ogula sasowa, ndipo sayenera kunyozedwa. Pali mayi amene mwamuna wake adamwalira chaka chatha koma mpaka lero chakudya sichimulowa. Pali bambo amene katapira wamukhala pakhosi moti 2 koloko usiku amakhala ali maso, akuwerenga malata a denga. Pali mnyamata amene adakhoza mayeso a Fomu 4 koma watha zaka zinayi akungokhala pakhonde. Onsewa akudwaladi, ndipo akufuna thandizo lomwe angalipeze popanda kuima pamzere wa kuchipatala n'kuyamba kufotokoza za kumtima kwawo anthu akumva.

Matenda a nkhawa, omwe madokotala amawatcha depression m'Chingerezi, si kukhumudwa kwa tsiku limodzi ayi. Munthu amatha masabata awiri kapena kuposerapo mtima uli wolemera, zomwe ankakonda sizimusangalatsanso, tulo timavuta, thupi limangokhala lotopa, ndipo amadziona ngati wopanda pake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni adali ndi vutoli. Chomwe ambiri sachidziwa n'choti matendawa paokha amafooketsa mutu. Mwini golosale amayamba kusokoneza chenji, mphunzitsi amawerenga mzere umodzi katatu osaugwira, mayi amaiwala kuti wathira kale mchere m'ndiwo.

Tsono wogula amafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi: mtima ukhale pansi, mutu uchangamuke. Wogulitsa amalonjeza zonse ziwiri m'botolo limodzi. Apa mpomwe pagona nkhani, chifukwa zitsamba zambiri zomwe zimakhazika mtima pansi zimatero pomuwodzeretsa munthu, ndipo chitsamba chimodzi chomwe akatswiri adachiyesadi n'kupeza kuti chimathandiza chili ndi vuto lake lalikulu lomwe likukhudza Amalawi kuposa azungu omwe adachitchukitsa.

Chitsambacho ndi St John's wort. Chimamera ku Ulaya ndi mbali zina za Asia, chili ndi timaluwa tachikasu, ndipo dzinali chidalitenga poti chimachita maluwa cha m'ma 24 June, tsiku lokumbukira Yohane Mbatizi. Mpofunika kunena pano kuti chilibe ubale uliwonse ndi chipatala cha St John of God cha ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ngakhale kuti nachonso chimathandiza odwala matenda a maganizo. Maina adangofanana basi.

Ku Germany madokotala akhala akulembera odwala chitsambachi kwa zaka zambiri. Mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Klaus Linde lidasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana 29 wokhudza odwala 5,489, ndipo lidapeza kuti mankhwala opangidwa kuchokera ku chitsambachi ankathandiza kuposa mapiritsi achabe opanda mankhwala, komanso ankafanana mphamvu ndi mankhwala a kuchipatala, uku akuvutitsa thupi pang'ono. Koma akatswiriwo adaonanso kuti zotsatira zabwino kwambiri zinkachokera m'maiko oyankhula Chijeremani. Ku America kafukufuku wamkulu yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2002 sadapeze kusiyana pakati pa chitsambachi ndi mapiritsi achabe kwa anthu omwe matenda awo adali okulirapo. Chilungamo chake n'choti chimathandiza ena omwe matenda sadafike povuta, ndipo monga mankhwala a kuchipatala, chimatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti munthu aone kusintha. Wogulitsa amene akulonjeza kuti nkhawa itha pofika Lachisanu akunama.

Pa nkhani ya kukhala tcheru, St John's wort sichigonetsa kwambiri ngati amitriptyline, mankhwala akale a nkhawa omwe amapezeka m'zipatala zambiri za boma. Ichi n'chimodzi mwa zomwe anthu a ku Ulaya amachikondera. Akayamba kupeza bwino, mutu umabwerera m'malo poti matenda omwe amaufooketsa achepa, osati poti chitsambacho chili ndi mphamvu yonola ubongo.

Mpaka apa nkhani ikukoma. Koma mu February 2000 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza zotsatira za kafukufuku wa Stephen Piscitelli ndi anzake ku America. Adapatsa anthu asanu ndi atatu athanzi mankhwala a Edzi otchedwa indinavir, kenaka n'kuwawonjezera St John's wort kwa masabata awiri. Atayeza magazi adapeza kuti mankhwala a Edzi aja atsika ndi 57 peresenti. Mwezi womwewo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza madokotala. Chaka chomwecho madokotala a mumzinda wa Zurich ku Switzerland adalemba za odwala awiri omwe adawaika mitima ya anthu ena: matupi awo adayamba kukana mitimayo atamwa chitsambachi, kaamba koti chidafooketsa mankhwala oteteza mtima watsopanowo. Dziko la Ireland lidalamula kuti kuyambira mu 2000 chisamagulitsidwenso popanda kalata ya dokotala.

Chomwe chimachitika m'thupi si chovuta kumvetsa. Chiwindi chili ngati wantchito wosesa amene amachotsa mankhwala m'magazi pang'onopang'ono, ndipo mlingo womwe dokotala amapereka umawerengedwa potengera liwiro la kusesako. St John's wort imachititsa chiwindi kusesa mothamanga. Munthu amamwa piritsi lake mokhulupirika 7 koloko iliyonse, osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi, koma piritsilo limachotsedwa lisadamalize ntchito. Palibe chomwe chimapweteka, palibe chizindikiro. Zimadzaonekera patapita miyezi, akayeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi.

Amene adamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu ali pa ma ARV akudziwa kale za khalidweli. Rifampicin wa m'mankhwala a TB amachitanso chimodzimodzi pachiwindi, n'chifukwa chake achipatala amawonjezera piritsi lina la dolutegravir loti munthu azimwa madzulo. Kusiyana kwake n'koti za rifampicin achipatala amazidziwa poti amapereka okha, pomwe za kabotolo kochokera ku Johannesburg kobisidwa m'sutikesi sangazilote.

Indinavir adasiya kugwiritsidwa ntchito kalekale, koma vutoli silidapite naye. Nevirapine ndi efavirenz, omwe Amalawi ambiri adamwa m'zaka za m'mbuyomu, amakhudzidwa. Dolutegravir, yemwe ali m'piritsi lomwe ambiri adayamba kulandira m'dziko muno kuyambira mu 2019, nayenso malangizo ake amaletsa kumwera limodzi ndi St John's wort. Mankhwala akachepa m'magazi kachilombo sikangochulukana kokha, kamaphunziranso kuwapirira, ndiye kuti munthu wataya mankhwala omwe akadamusunga zaka zambiri. M'dziko momwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi HIV iyi si nkhani yaing'ono, makamaka poti matenda a nkhawa amagwira kawirikawiri anthu omwe ali ndi kachilomboka kusiyana ndi ena. Omwe angakopeke msanga ndi botololi ndi omwewo amene lingawapweteke kwambiri.

Ndipo si ma ARV okha. LA, mankhwala a malungo omwe dziko lino lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amafooka ndi chitsamba chomwechi, moti opanga ake adalemba poyera kuti ziwirizi zisaphatikizidwe. Mapiritsi olerera ndi njira ya pamkono nazo zimafooka. Mu 2014 boma la Britain lidachenjeza za amayi omwe adaima mosayembekezera ali ndi njira ya pamkono atamwa chitsambachi. Mayi amene akulimbana kale ndi maganizo, mwana wa miyezi isanu ndi itatu ali kumsana, mimba ina ndi katundu yemwe sangamuthe. Warfarin wa omwe magazi awo amaundana ndi digoxin wa odwala mtima alinso pamndandanda womwewu. Kwa amene akumwa fluoxetine, mankhwala ena a nkhawa a kuchipatala, vuto limatembenuka: ziwirizi zikakumana mphamvu imapyola muyeso, munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, mtima kuthamanga ndi kusokonezeka mutu, ndipo ena amafika pogonekedwa. Chimapsetsanso khungu munthu akakhala padzuwa, zomwe alimi a ziweto m'maiko momwe chimamera amazidziwa bwino poona nkhosa ndi ng'ombe zomwe zachidya. Mlimi wopalira chimanga mu December sangalithawe dzuwa.

Nanga zitsamba zina zija zokhazika mtima pansi? Valerian ndi muzu wa ku Ulaya womwe umagulitsidwa ngati wopatsa tulo, ndipo umapezeka m'timabotolo tambiri tolembedwa kuti n'tochotsa nkhawa. Kava ndi muzu wa kuzilumba za Fiji, Vanuatu ndi Tonga, komwe amausinja n'kumamwa pamiyambo yawo. Kava amaziziritsadi mtima, koma Germany idamuchotsa pamsika mu 2002 ndipo Britain idamuletsa mu 2003 anthu ena atawonongeka chiwindi, ngakhale kuti khoti la ku Germany lidadzasintha chiletsocho mu 2014. Ashwagandha wa ku India, yemwe watchuka kwambiri pa intaneti zaka zapitazi, dziko la Denmark lidamuletsa mu 2023. Zitatu zonsezi zingathe kuwodzeretsa, ndipo palibe chimodzi mwa izo chomwe chidatsimikizidwa kuti chimachiza matenda a nkhawa enieniwo.

Apa mpomwe mabanja ambiri amapusitsika. Bambo amene wakhala miyezi iwiri osagona akamwa botolo lija n'kugona mpaka dzuwa kutuluka, pakhomo ponse pamakhala chimwemwe, amvekere mankhwala agwira. Komatu tulo ta mankhwala si kuchira. Ngongole ilipobe, kudziona wachabechabe kulipobe, ndipo tsopano pawonjezereka mutu wolemera m'mawa. Kwa wokhala pakhomo izi zingaoneke zazing'ono. Kwa woyendetsa minibasi pamsewu wa M1 ndi nkhani ina. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akachedwa sekondi imodzi kuponda buleki, wadutsa kale pomwe padali mwana wa sukulu kapena ngolo. Chimodzimodzi wa kabaza wa njinga yamoto, wogwira ntchito pachigayo pafupi ndi lamba, mmisiri wa matabwa pamakina ochekera, mlonda wa usiku, ngakhalenso mayi wogona ndi khanda pamphasa imodzi. Akaphatikiza ndi mowa, ngakhale botolo limodzi, kuwodzerako kumawirikiza.

Ena anganene kuti nawo mankhwala a kuchipatala amagonetsa. N'zoona, amitriptyline amagonetsa zedi makamaka masabata oyamba, ndipo amaumitsa kukamwa. Koma papiritsi lake pali mlingo wodziwika, mamiligalamu 25, ndipo dokotala amauza wodwala kuti azimwa usiku pokagona, amayamba ndi pang'ono, ndipo akadandaula angathe kuchepetsa kapena kusintha. Botolo la pamsika lilibe mlingo. Kapu imodzi ya lero ingathe kukhala yamphamvu kawiri kuposa ya sabata yatha, malingana ndi komwe muzu udakumbidwa, nyengo yake ndi nthawi yomwe udakhala m'madzi. Ngakhale makapisozi a St John's wort a m'masitolo a kunja, akawayeza amapezeka kuti mphamvu yake imasiyana kampani ndi kampani. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, ndilo lili ndi udindo woyang'anira mankhwala m'dziko muno, koma silingakhale pamsika uliwonse Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo silingatsegule sutikesi ya mlamu wochokera ku Joni.

Za "otsegula mutu" sizifuna kutaya nthawi. Otchuka kwambiri ndi masamba a mtengo wa ginkgo wa ku China. Ku America adayesa mankhwalawa pa okalamba 3,069 kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, ndipo zotsatira za mu 2008 zidaonetsa kuti sadateteze aliyense ku matenda oiwala. Makolo amene akugulira ana awo timabotolo totere poyandikira mayeso akadachita bwino kugula mazira ndi batire la tochi. Chammwamba ndi ndiwo yabwino yopatsa thanzi, koma si mankhwala a nkhawa. Chamba nacho, chomwe achinyamata ena amati chimachotsa maganizo, chimachedwetsa mutu ndi kufooketsa chikumbumtima cha zinthu, ndipo m'mawodi a ku Zomba Mental Hospital anyamata omwe chidawasokoneza sasowamo. Lamulo la 2020 lidaloleza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala kwa okhala ndi chiphaso, silidanene kuti ndudu ya kuseri kwa msika ndi chithandizo.

Pali chifukwa chinanso chomwe botolo logula mwachisawawa limapwetekera: limachedwetsa kupeza gwero lenileni la vuto. Kutopa, kuiwalaiwala ndi kusowa chimwemwe sikuti nthawi zonse ndi matenda a nkhawa. Kuchepa kwa magazi kumatero, shuga amatero, matenda a chithokomiro amatero, ndipo efavirenz ankadziwika ndi maloto oopsa ndi kusokoneza maganizo kwa ena. Zonsezi zimapezeka poyeza kapena pofunsa bwinobwino. Palinso anthu omwe matenda awo amasinthasintha, miyezi ina ali pansi, miyezi ina ali pamwamba, osagona, kuyankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama. Kwa otere St John's wort ingathe kuwakankhira kumtundako, banja n'kumati mankhwala amuchiritsa pomwe matenda angotembenuka.

Izi sizikutanthauza kuti asing'anga onse ndi akuba. Ambiri a m'midzi ali ndi chinthu chomwe chipatala chodzaza ndi odwala chimasowa, chomwe ndi nthawi. Amakhazika munthu pamphasa, amamufunsa za kunyumba, za maliro, za mkangano wa munda, amamvetsera mpaka amalize. Mwina theka la kuchira komwe anthu amati kwachokera m'mizu kumachokera m'kumvetserako. Umboni wake uli ku Zimbabwe, komwe matendawa amawatcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kumeneko dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa zipatala za mumzinda wa Harare n'kumacheza ndi odwala, kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzilimodzi ndi kusankha loyamba kulithetsa. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2016, wa anthu 573, adapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, 14 mwa anthu 100 alionse omwe adakhala pabenchipo ndiwo adali ndi zizindikiro za matendawa, poyerekeza ndi 50 mwa 100 alionse omwe adangolandira chithandizo cha masiku onse. Kucheza kasanu ndi kamodzi kokha, popanda muzu kapena piritsi, ndipo palibe amene adadzuka mutu uli wolemera. Njirayi idayesedwanso m'zipatala zina za ma ARV m'dziko muno.

Sing'anga wanzeru akadayenera kumafunsa funso limodzi asadapereke kanthu: "Kodi amayi, pali mankhwala a kuchipatala omwe mukumwa?" Wa pamsika uja safunsa, poti akafunsa malonda achepa. Nawo achipatala ali ndi mbali yawo. Wodwala akaulula kuti akumwa zitsamba n'kukalipiridwa pamaso pa anzake, ulendo wina sadzaululanso, ndipo namwino adzangodabwa kuti kachilombo kakuchulukana bwanji mwa munthu wosadumphitsa mankhwala. Funsolo likafunsidwa mwaulemu, ambiri amayankha zoona.

Kubanja nako kuli ntchito. Mawu oti "limbani mtima, ndinu mwamuna" kapena "mukungodzipangitsa" ndiwo amathamangitsira anthu kwa wa chimkuzamawu uja, chifukwa iye saseka aliyense. Ndipo pali malire pomwe nkhani ya zitsamba iyenera kutheratu. Munthu akayamba kunena kuti bola kufa, kuti ana adzasamalidwa ndi amalume awo, akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, si nthawi yoviika mizu n'kudikira masabata asanu ndi limodzi. Asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo tsiku lomwelo aperekezedwe kuchipatala. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala ophunzira za matenda a maganizo, sikuti aliyense amatumizidwa ku Zomba monga ambiri amaopera.

Amene ali kale ndi kabotolo m'nyumba ayang'ane pachikalata chake. St John's wort nthawi zina imalembedwa ndi dzina lake la sayansi loti Hypericum perforatum, m'zilembo zing'onozing'ono pakati pa zitsamba zina zisanu kapena khumi. Akalipeza dzinali, ndipo ali pa ma ARV, pa njira yolerera kapena pa mankhwala a mtima, atenge botololo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala akaonetse adokotala, anene tsiku lomwe adayamba kumwa. Tsikulo n'lofunika, chifukwa ngakhale munthu atasiya lero, chiwindi chimapitirizabe kusesa mothamanga kwa masabata pafupifupi awiri chisadabwerere mwakale.